Kugwirana Chanza Sikuyeretsa Malonda

M'misika mwafala mawu akuti bola wogula ndi wogulitsa agwirizana, malondawo ndi halal, mashehe asalowererepo. Ndi mawu okoma m'khutu, koma Shariya sinena choncho.

N'zoona kuti Qur'an, pa Sura An-Nisa 4:29, imafuna kuti malonda achitike onse awiri atafuna. Nanga wotenga katapila samavomera? Amavomera, mwina mpaka kuwomba m'manja kuthokoza. Komabe riba, yomwe ndi katapilayo, ndi yoletsedwa pa Al-Baqara 2:275, ndipo kuvomera kwa wokongola sikuichotsa.

Chilema china ndi gharar: kugulitsa chinthu chosadziwika bwino kapena chimene sungathe kupereka, monga nsomba zomwe zikadali m'nyanja kapena mwana wa chiweto ali m'mimba. Mtumiki Muhammad (SAW) adaletsanso kugulitsa zipatso zisanaonetse kukhwima. Ndiye taganizani za venda wogula munda wa chimanga mu Januwale chisanamasule, mwini munda njala itamupana. Ng'amba ikachiwotcha, ndalama ija yagula chiyani? Njira yololedwa ilipo, yotchedwa salam: ndalama yonse iperekedwe pompo, koma mtundu wa mbewu, muyeso wake ndi nthawi yoperekera zitchulidwe.

Pa chinyengo ndiye mawu a m'misika aja amagweratu. Munthu amasiya nkhosa masiku angapo osaikama kuti bere litupe. Wogula akaona bere lolendewera amalipira akumwetulira, koma pofika mkuja mkaka wosadzaza n'kapu yomwe. Hadith ya mu Sahih Muslim imamupatsa masiku atatu: akafuna aisunge, akafuna aibweze pamodzi ndi muyeso umodzi wa tende wolipirira mkaka umene wakama. Adavomera, inde, koma nkhosa imene adavomerayo kulibe. Za womuopseza kuti agulitse, ikrah, sitichita kutalikitsa.

Akatswiri a Shariya amasiyana pa zotsatira za zilema zoterezi. A Hanafi amalekanitsa mgwirizano wa batil, wakufa kuyambira pachiyambi, ndi wa fasid, umene nthawi zina umakonzeka mukachotsa mfundo yoipayo. Kusiyanitsaku kudalowa mu Majalla, malamulo a ndime 1,851 amene ufumu wa Ottoman udalemba pakati pa 1869 ndi 1876. A Shafi'i, amene Asilamu ambiri kuno kwathu amatsatira, pa malonda amaona ziwirizi ngati chimodzi. Palibe mwa iwo amene adati chanza chokha n'chokwanira.

Inu amalonda, musananene kuti "tagwirizana", muonetseni wogula pomwe thumba lanyowa.