Afike Kumsika, Adzaone Okha

Vodacom idayambitsa M-Pesa m'dziko muno mu 2013, ndipo Movitel idatsatira ndi e-Mola. Lero mlimi wa kachewere ku Angónia ndi ku Tsangano atha kulipidwa pafoni. Komabe ambiri akangolandira amathamangira kwa ajenti kukatapa zonse.

Zifukwa zake n'zodziwika: uthenga umabwera m'Chipwitikizi, netiweki imadukaduka, ndipo tsiku la msika ndalama zimawathera ajenti. Gogo wopatsa mnzake nambala yachinsinsi kuti amuthandize wataya kale chitetezo.

Choncho okonza njirazi ku Maputo asamangonyadira kuchuluka kwa olembetsa. Afike ku Ulónguè, aone pomwe anthu akuvutikira, akonze pomwepo. Mlimi adzasunga ndalama zake m'foni pokhapokha atatsimikiza kuti adzazipeza tsiku lomwe mwana wadwala.