Ophunzira a ku Mitundu ayambire pamsika pophunzira ndakatulo

Mayeso a MSCE akayandikira, ophunzira a Fomu 4 ku Mitundu ndi ku Nathenje amachezera kuloweza zipangizo za ndakatulo: chifanifani, voko, umunthu, chibwereza, msemphano, chizindikiro. Matanthauzo amawatchula osapumira. Koma akapatsidwa ndakatulo yomwe sadaionepo, ambiri amangoti kakasi.

Vuto lagona pamene phunzirolo limayambira. Limayambira pabolodi, pomwe zipangizozo zikumveka tsiku lililonse kuseri kwa mpanda wa sukulu.

Pamsika wa Mitundu, mnyamata wa kaunjika amaimirira pamulu wa zovala, malaya ali m'mwamba, akutchula mtengo umodzimodzi mobwerezabwereza mpaka odutsa ataima. Chibwereza ndi chimenecho. Mayi wa tomato akalumbira kuti wakewo angathe mwezi osaola, ogula amaseka, pakuti akudziwa kuti akukokomeza dala. M'kope la wophunzira zimenezo zidalembedwa kuti voko. Mthenga wa mfumu akamalengeza zovuta amati agogo atisiya. Mwana wa m'mudzimo amamva chining'acho popanda womumasulira.

Pabwalo la Gule Wamkulu ndiye pali phunziro lathunthu. UNESCO idalengeza mu 2005 kuti guleyu ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo kuno n'kwawo. Gule wotchedwa Simoni akatulukira ndi nkhope yofiira, akutsanzira mzungu wopsa ndi dzuwa, amayi amayankha nyimbo, anthu n'kumaseka khalidwe lomwe likudzudzulidwa. Wophunzira amene adaonerapo zimenezi akudziwa kale ntchito ya chizindikiro, ngakhale dzinalo sadalimve.

Alembi athu adatunga pachitsime chomwechi. Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara lomwe lidatuluka mu 1933, lidamangidwa pa miyambo ndi malankhulidwe a m'midzi ya Achewa. Benedicto Wokomaatani Malunga amakoka omvera chifukwa ndakatulo zake zimakoma m'khutu zisanafike pozisanthula.

Aphunzitsi anganene kuti silabasi ndi yaitali ndipo makalasi ndi odzaza. N'zoona, ndipo mayina a zipangizo ayenera kudziwika ndithu, poti MANEB imawafunsa. Komatu njira iyi sifuna ndalama kapena buku latsopano. Mphunzitsi atume ophunzira Lachisanu kuti akatole mawu asanu omwe amva kumsika, kuchigayo kapena pamjigo. Lolemba awawerenge mokweza, akambirane chomwe wolankhulayo amafuna kuti womvera achite, kenaka apatse mawuwo mayina ake asanatsegule ndakatulo ya m'buku.