Alendo Amene Timaŵapatsa Makiyi

Mwezi uno tikambirane za timapulogalamu tating'ono timene ana athu amaphatika pa browser, ndiye kuti pa Chrome, Firefox kapena Edge, khomo lija timaloŵera pa intaneti. Timapulogalamuti amatitcha ma extension. Ena amatsekereza zotsatsa malonda, ena amasunga mau achinsinsi, ena amathandiza wophunzira kumanga masamba a pa intaneti. Ambiri ndi aulere, ndipo kuika imodzi sikutenga ngakhale mphindi. Vuto lagona pomwepo.

Tisanaike extension, browser imatifunsa ngati tikuvomera. Ambirife timangodina osaŵerenga. Koma kaŵirikaŵiri chimene tavomeracho nchakuti extension ija iziŵerenga ndi kusintha zonse za pa masamba amene titsegule: makalata athu, za ku banki, ngakhale zotsatira za mayeso a mwana. Kumeneku nkupatsa mlendo makiyi a nyumba yonse pamene iye adangopempha madzi akumwa.

Wina anena kuti, "Ine ndidasankha yodziŵika bwino." Zikomo, koma tamverani. The Great Suspender idali extension ya anthu pafupifupi mamiliyoni aŵiri. Ntchito yake idali kugoneka masamba amene munthu watsegula koma sakuŵaŵerenga, kuti kompyuta isalemedwe. Mu 2020 mwini wake adaigulitsa kwa munthu wosadziŵika dzina. Mwini watsopanoyo adaikamo zina zobisika, ndipo mu Febuluwale 2021 a Google adaichotsa, naizimitsa m'makompyuta a anthu. Dzina lidali lomwelo, kachithunzi komweko, koma mumkuyu mudali mutaloŵa nyerere. Pajatu extension imadzisintha yokha ife tili m'tulo, ndipo ngati sikupempha chilolezo chatsopano, sitiuzidwa kanthu.

Ngakhale mwini wokhulupirika angathe kupusitsidwa. Mu Ogasiti 2017 a Chris Pederick, amene adapanga extension yotchuka ya Web Developer, adalandira kalata yonyenga yooneka ngati yochokera ku Google, napereka mau ao achinsinsi. Mbala zidaloŵa mmenemo nkuyamba kutumiza zotsatsa malonda kwa anthu oposa miliyoni imodzi. Tsono omwe adakodwa adali omanga masamba, anthu amene timaŵayesa ochenjera pa zimenezi!

Kwa inu achinyamata amene mukuphunzira ntchito yomanga masamba, tikuti yambani mwadina F12. Pamenepo mutuluka zida zimene browser idabadwa nazo, zoonera mmene tsamba lidamangidwira, pamene palakwika, ndi chimene chikulichedwetsa kutseguka. Kale anthu adali kudalira extension ya Firebug, imene idayamba mu 2006, koma idapumula mu 2017 chifukwa ntchito yake idali italoŵa kale m'zida za Firefox. Extension ngati React Developer Tools muiike tsiku limene mwayambadi kulemba ndi React, osati chifukwa mnzanu ali nayo. Ndipo nkwanzeru kutsegula profile ina ya ntchito yophunzirayo, yosiyana ndi imene bambo ndi mai amaloŵera ku banki. Extension yoikidwa mu profile imodzi sigwira ntchito mu inzake.

Sitikunena kuti onse ndi oipa, iai. Ifeyo timayamikira uBlock Origin, imene a Raymond Hill adayamba mu 2014. Imatsekereza zotsatsa, motero tsamba limatseguka msanga ndipo bandulo imachedwa kutha. Kungoti kuyambira mu 2024 Chrome idayamba kuizimitsa chifukwa cha malamulo ake atsopano otchedwa Manifest V3. Pa Chrome pali mng'ono wake, uBlock Origin Lite, koma yathunthu ikugwirabe ntchito pa Firefox. Chenjerani ndi maina ofanana nayo, poti onamizira alipo. A mafoni a Android dziŵani kuti Chrome ya pa foni silandira ma extension, koma Firefox imalandira.

Nanga makolo tichitenji, ife amene zambiri mwa izi zidatipeza titamera imvi? Monga mphunzitsi amaitana maina m'kalasi, nafenso tiitane maina. Sukulu ikatsekera, khalani pansi ndi mwana, alembe chrome://extensions pamwamba pa Chrome, kapena about:addons pa Firefox. Pa dzina lirilonse mumfunse kuti, "Iyi njachiyani, ndipo udaigwiritsa ntchito liti?" Akachita chibwibwi, ichotsedwe, osangoizimitsa chabe. Zotsalazo, Chrome imalola kuti iriyonse izigwira ntchito pokhapokha mwaidina, kapena pa masamba okhawo amene mwatchula. Kwathu kuno titaitana maina, ena mwa alendowo ngakhale mwini kompyuta sadakumbuke tsiku limene adaŵatsegulira khomo.