Si masewera onse a pa foni amene amaononga mwana

Makolo ambiri m'midzi ya ku Angónia ndi Tsangano akaona mwana atawerama pa foni, zala zili gwiragwira, amangoti ameneyu ulesi wamulowa. Ena amalanda foniyo n'kukaibisa. Koma nkhaniyi njofunika kuiunika modekha, chifukwa ena mwa masewerawa amanola nzeru monga momwe bawo amanolera nzeru za akuluakulu.

Munthu wodziwa bawo sayamba wagwira timiyala asanawerenge m'mutu. Amaona kumene dzanja lake likagonere ndiponso zomwe mnzake angachite pambuyo pake. Masewera otchedwa Tetris, omwe Alexey Pajitnov adapanga ku Moscow m'chaka cha 1984, amafunanso nzeru yoonera patali. Tizidutswa tosiyana maonekedwe timagwa kuchokera pamwamba, ndipo wosewera amatitembenuza n'kutiyala mosasiya mpata, ngati mmisiri woyala njerwa. Akachedwa kuganiza, khoma limadzaza ndipo masewera amathera pomwepo.

Akatswiri adayesapo zimenezi. M'chaka cha 2003, Shawn Green ndi Daphne Bavelier a pa yunivesite ya Rochester ku America adapeza kuti anthu ozolowera masewera a liwiro amatha kutsatira ndi maso zinthu zingapo nthawi imodzi kuposa anzawo. Ngakhale anthu omwe sankasewera adasintha atangoyeserera ola limodzi pa tsiku kwa masiku 10.

Pa kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2013, ofufuza a ku Max Planck Institute mumzinda wa Berlin adapempha anthu kuti azisewera Super Mario 64 mphindi 30 pa tsiku kwa miyezi iwiri. Atawajambula m'mutu ndi makina, adaona kuti mbali za ubongo zothandiza kukumbukira njira, kukonza zochita ndi kuyendetsa manja zidakhuthala.

Palinso phindu pa mtendere wa mumtima. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2017, ku Oxford adayesa anthu amene adangochita ngozi ya pamsewu. Ena mwa iwo adasewera Tetris kwa mphindi 20 asanathe maola 6 chichitikireni ngoziyo. Sabata yotsatira, zithunzi zoopsa za ngoziyo sizinkawabwerera m'maganizo kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo. Izi sizikutanthauza kuti foni yalowa m'malo mwa chipatala, koma zikuonetsa kuti masewera angathe kupumitsa mutu wosokonezeka.

Komabe mchere ukachuluka ndiwo sizidyeka. M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidavomereza kuti kusewera kopanda malire ndi matenda. Zizindikiro zake n'zakuti munthu amalephera kudziletsa, amaika masewera patsogolo pa zonse, ndipo amapitirizabe ngakhale akuona kuti zinthu zikuonongeka. Mwana amene wasiya mbuzi zikudya chimanga cha eni, kapena akuwodzera m'kalasi chifukwa adachezera pa foni, ameneyo wadutsa malire.

China choti makolo achenjere nacho ndi juga yobisala m'dzina la masewera. Masewera aliwonse ouza munthu kuti aike ndalama kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola kuti apate zambiri sanola nzeru ayi. Amenewo amangomaliza ndalama za mbatata ndi fodya zomwe banja lidakhetsera thukuta.

Tsono kholo lichite chiyani? Choyamba, likhale pansi ndi mwana n'kumufunsa kuti afotokoze momwe masewera akewo amayendera. Ngati mwana akulongosola malamulo ake, kuwerengera ndi kukonza njira yopambanira, pamenepo mutu ukugwira ntchito. Ngati malangizo ake ali m'Chipwitikizi, mwanayo awawerenge mokweza, popeza ndi chilankhulo chomwe akakumane nacho pa mayeso. Chachiwiri, nthawi iikidwe: ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo ziyambe zatha, kenaka theka la ola likwanira, monga momwe adachitira a ku Berlin aja. Chachitatu, usiku foni igone kwa kholo.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mwana wolandidwa foni popanda kumuuza chifukwa amakabwereka ya mnzake kuseri, kumene kulibe womusankhira masewera. Koma wophunzitsidwa kusankha ndi kusunga nthawi akadali wamng'ono adzadziwa yekha poyambira ndi polekera.