Agogo akayamba kusokera m'mudzi mwawo momwe

Mu Julayi 2023, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza mankhwala otchedwa lecanemab, omwe amagulitsidwa pa dzina loti Leqembi. Kumeneko chinali chimwemwe, ndipo sitingawadabwe. Kuyambira mu 1906, pamene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza zomwe anapeza mu ubongo wa mayi wina amene nzeru zinamuthera pang'onopang'ono mpaka kumwalira, achipatala analibe choti n'kuchedwetsera nthendayi. Mankhwala akale monga donepezil amangochepetsako zizindikiro kwa kanthawi, matendawo ali pa ulendo wawo. Atsopanowa amalowa mu ubongo n'kuchotsa zinthu zina zotchedwa amyloid, zomwe zimaundana pakati pa maselo a ubongo mwa odwala Alzheimer's, mtundu wofala kwambiri wa matenda oiwalaiwala omwe madokotala amawatcha dementia.

Koma tiyeni tione zomwe zinapezeka. Pa kafukufuku wa anthu pafupifupi 1,800 amene matendawa anali atangowayamba kumene, omwe analandira lecanemab kwa miyezi 18 nzeru zawo zinapitirirabe kutsika, kungoti liwiro lake linachepa ndi 27 peresenti poyerekeza ndi anzawo. Palibe amene anachira. Palibe amene anakumbukira zomwe anali ataiwala kale. Wodwala amalandira mankhwalawa kudzera m'diripi milungu iwiri iliyonse, ndipo amayenera kujambulidwa ubongo kangapo pa makina a MRI, chifukwa pafupifupi mmodzi mwa anthu 8 aliwonse ubongo umatupa, ena umachucha magazi pang'ono. Mtengo wake mu 2023 unali madola 26,500 pa chaka, kuposa K45 miliyoni tikawerengera pa mtengo wa dola wa kubanki wa mu 2024, osaphatikizapo za dokotala ndi zojambulazo. Ngakhale ku England, dziko lolemera, bungwe la NICE linakana kuti zipatala za boma zizipereka lecanemab ndi mnzake donanemab, ponena kuti phindu lake ndi lochepa kwambiri pa ndalama zoterozo.

Apa ndi pamene anthu amagawikana. Ena akuti ndalama zochuluka zathera pofunafuna mankhwala omwe odwala ambiri sadzawaona ndi maso omwe, pomwe odwalawo ndi owasamalira akuvutika lero lino. Enanso akuti popanda kafukufuku wa mu labotale tidzangokhalira kuchapa zofunda mpaka kalekale. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma kulemera kwake kumatengera pomwe munthu waima.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati. Lipoti la Alzheimer's Disease International la mu 2017 linayerekeza kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kunali odwala oposa pang'ono 2 miliyoni mu 2015, ndipo pofika 2050 adzapitirira 7 miliyoni. Kuno ku Malawi, kalembera wa 2018 anapeza kuti a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi 5 mwa anthu 100 aliwonse. Akuoneka ochepa, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezereka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 50, pomwe lero ndi zopitirira 60. Tikukalamba tsopano, ndipo ukalamba ukubwera ndi matenda ake.

Wodwala wa kwathu kuno vuto lake loyamba si kusowa kwa diripi ya K45 miliyoni. Taganizirani gogo wina amene wadzuka pakati pa usiku kuti akataye madzi. Potuluka waiwala chitenje, pobwerera waiwala khomo. Akuyenda mumdima kufunafuna nyumba yomwe anakuliramo, yomwe inagwa kalekale. Kukucha, anthu akumupeza ali chikhalire pakhonde la eni ake m'mudzi woyandikana nawo, ali mbulanda, mapazi ali fumbi lokhalokha. Akumufunsa kuti, "Agogo, mwachokera kuti?" Iye akutchula mudzi wa kutali, kwawo kwa amayi ake. Akumufunsa kuti wabwera bwanji, akuti sakudziwa. Wina m'gulumo akufuula kuti wagwa pa lichero. Akamupanikiza ndi mafunso, gogoyo akungovomera chilichonse, pakuti munthu wosokonezeka mutu ndi mantha amavomera kuti amusiye. Zonsezi, kuyendayenda usiku, kuvula, kulankhula ndi anthu amene anamwalira, kulusa dzuwa likamalowa, zili m'mabuku a madokotala ngati zizindikiro zodziwika za dementia. Pabwalo la mudzi zimasanduka umboni.

Tisanamizane kuti nkhalamba iliyonse yomwe yaphedwa poiganizira ufiti inali yodwala ubongo. Zambiri zimayambira pa mikangano ya minda, nsanje, kapena maliro adzidzidzi, monga zinachitikira ku Neno mu Januwale 2016, pamene anthu anayi achikulire anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Komabe wodwala dementia ndiye wosavuta kumuloza chala, chifukwa sangathe kudziyankhira. Lamulo la za ufiti la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, lomwe mabungwe monga MANEPO analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Koma lamulo limafika mochedwa, miyala itaponyedwa kale. Chomwe chingafike msanga ndi munthu mmodzi m'gulumo, kaya ndi nyakwawa, mkulu wa mpingo kapena mlangizi wa zaumoyo, wodziwa kunena kuti awa akudwala, tiyeni tiwafunditse nsalu tikawafunire abale awo.

Oikira kumbuyo kafukufuku wa mu labotale aja ali ndi yankho lomwe Mmalawi sangalinyoze. Iwo amatikumbutsa za ma ARV. Cha m'ma 2000 mankhwalawa ankagula madola oposa 10,000 pa munthu pa chaka, ndipo akatswiri ena ankanena poyera kuti Africa ingolimbikira kupewa, za mankhwala iiwale. Mu 2001 kampani ya ku India ya Cipla inatsitsa mtengo kufika pa madola 350, ndipo mu 2004 Malawi inayamba kupereka ma ARV aulere. Anthu omwe tinali titawakonzera kale matabwa akuyenda mpaka lero. Tsono, iwo akuti, musanyoze lecanemab chifukwa cha mtengo wa lero; mankhwala oyamba amakhala ofooka ndi odula, achiwiri ndi achitatu ndiwo amapulumutsa anthu. Akuonjezanso kuti kafukufuku yemweyo wabala njira yoyezera Alzheimer's m'magazi, yomwe FDA inaivomereza mu 2025, ndipo kuyeza magazi n'chinthu chomwe zipatala zathu zingathe kudzafikapo msanga kusiyana ndi makina ojambula ubongo.

Mfundoyi ndi yolemera, koma ine ndimaona kuti ikutsimphina mwendo umodzi. Ma ARV ankadzutsa munthu pamphasa, mudzi wonse n'kuona ndi maso. Lecanemab, ngakhale atatsika mtengo mawa, amafuna wodwala wopezeka msanga matenda asanakule, namwino wa diripi kawiri pamwezi, ndi MRI pafupi. Kuno anthu amafika kuchipatala pamene agogo ayamba kale kusokera. Kuyeza magazi nakonso kuli ndi funso lake: kumuuza munthu kuti ali ndi nthenda yomwe ulibe nayo thandizo, wamuthandiza kapena wangomusenzetsa katundu?

Pomwe ndimagwirizana nawo kwathunthu ndi pakuti Africa ikufunika kafukufuku wake. Kuyambira mu 1992, akatswiri anayerekeza okalamba a mtundu wa Yoruba ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis ku America. Anapeza kuti a ku Indianapolis ankadwala dementia mowirikiza kawiri kapena kuposa, komanso kuti jini yotchedwa APOE4, yomwe imaonjezera kwambiri chiopsezo mwa azungu, inalibe mphamvu yofanana ku Ibadan. Izi zikutanthauza kuti zopezeka ku Boston sizingangotengedwa n'kuikidwa ku Dedza. Kafukufuku wa lecanemab uja anachitikira ku North America, ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo anthu akuda analimo ochepa kwambiri.

Pali kafukufuku winanso amene sachemereredwa kwambiri koma ndiye wotikhudza. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya The Lancet, lotsogozedwa ndi Gill Livingston, linatchula zinthu 14 zomwe zikanathetsedwa, pafupifupi 45 peresenti ya dementia ikanapewedwa kapena kuchedwetsedwa. Zina mwa izo ndi kusapita patali ndi sukulu, kugontha, kusaona bwino, BP yokwera, shuga, fodya, mowa wopyola muyezo, kuvulala m'mutu, matenda a nkhawa ndi kukhala wekhawekha. Werengani bwino mndandandawo, muona kuti ndi nkhani za tsiku ndi tsiku. Agogo a lero anakula sukulu ya pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, ndipo ambiri, makamaka amayi, sanaione n'komwe. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ngati yomwe chipatala cha Nkhoma chimadziwika nayo. Chipewa cha wokwera kabaza wa njinga yamoto chimateteza ubongo womwewo. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ku Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP imaononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete, pomwe mapiritsi ake ndi ena mwa otsika mtengo kwambiri.

Nayonso 45 peresentiyo tisaimeze yonse. Ndi chiyerekezo choti zonse 14 zitatheratu, zomwe sizinachitikepo m'dziko lililonse, ndipo manambala ambiri anachokera kumayiko olemera. Alipo aphunzitsi opuma, osasuta, osamwa, oyenda pansi tsiku lililonse, omwe adwalabe. Uthenga wa kupewa ukalalikidwa mosasamala umasanduka chitonzo, ngati kuti wodwala anadziputira yekha.

Kwatsala nkhani yomwe timakonda kudzitama nayo: "Ife sititaya makolo athu kunyumba zosungira okalamba ngati azungu." N'zoona, ndipo n'chuma. Koma tikati banja likusamala, kwenikweni tikunena munthu mmodzi, ndipo kawirikawiri ndi mwana wamkazi, mpongozi kapena mdzukulu wamkazi amene wasiyira sukulu panjira. WHO imati pafupifupi maola 70 mwa 100 aliwonse osamalira odwalawa amagwira ndi amayi. Iyeyo ndiye amabisa machesi ndi mpeni, amamangirira chitseko ndi waya usiku, amachapa mphasa mbandakucha anthu asanaone. Akangomaliza kutsuka mbale, mayi ake akumuitana: "Iwe, ukundimana nsima chifukwa chiyani?" Iye n'kuyankha kuti, "Amayi, mwadya posachedwapa." Mawa lake alendo akabwera, mayiwo akuwauza kuti mwanayu amawabera ndalama ndipo amawagoneka ndi njala. Achimwene a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, omwe amangoimba foni pakutha pa mwezi, akumva zimenezo n'kuyamba kukalipa. Munda wagonera, geni yafa, kutchalitchi ndi kumaliro sapitako. Munthu wotereyu akatopa n'kutsekera mayi ake m'nyumba, kapena kuwamanga chingwe kumwendo kuti apite kudimba, timati ndi wankhanza. Nkhanzazo n'zenizeni, koma amene anamusiyira yekha mtolowu sitiwatchula.

Zomwe zingamupepuze sizifuna MRI. Dziko la Japan linayamba mu 2005 kuphunzitsa anthu wamba, ogulitsa m'sitolo, a kubanki, ana a sukulu, phunziro la ola limodzi ndi theka la momwe angadziwire ndi kuthandizira wodwala dementia, ndipo omwe aphunzira apitirira 10 miliyoni. Ku Hai, m'dziko la Tanzania, akatswiri anayesa kusonkhanitsa odwala m'timagulu kuti aziimba, kucheza ndi kukumbutsana zakale motsogozedwa ndi anthu ophunzitsidwa, ndipo zinaoneka kuti n'zotheka kumudzi. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo pa mabenchi a pachipatala. Ifenso tinachitapo zotere: nthawi ya Edzi, magulu a m'mipingo ndi m'midzi ankayendera odwala, kuwasambitsa, kutunga madzi. Magulu a amayi a Mvano, a Dorika ndi a Chigwirizano alipobe. Masana amodzi pa sabata oti wina akhale ndi agogo, wosamalira uja akagone tulo kapena akagulitse tomato wake, angachite zambiri kuposa uphungu wautali.

Chenjezo lake n'lakuti ntchito yongodzipereka imatha mphamvu. Tinaona magulu ambiri a nthawi ya Edzi akuzilala thandizo la mabungwe litaleka. Boma silingabisale kumbuyo kwa mawu oti umunthu. Alangizi a zaumoyo ali kale m'midzi. Kuwaphunzitsa mafunso ochepa oyezera kukumbukira ndi kuwapatsa makina a BP si nkhani ya mabiliyoni. Kuyezako kuli ndi phindu linanso, chifukwa si kuiwala konse komwe kuli dementia. Nkhawa, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko chokhalitsa, HIV yosalandirira mankhwala, ngakhale matenda a m'chikhodzodzo mwa munthu wokalamba, zonsezi zimasokoneza mutu, ndipo zili ndi mankhwala omwe zipatala zathu zimawadziwa. Chipatala cha Zomba Mental ndi cha St John of God ku Mzuzu sizingalandire gogo aliyense woiwala, ndipo sipafunikanso kutero. Ambiri angathandizidwe pachipatala chaching'ono cha kwawo. Ndipo posankha mabanja olandira Mtukula Pakhomo, khomo lomwe munthu wamphamvu yekhayo wasiya kulima chifukwa chosamalira wodwala dementia liyenera kuwerengedwa ngati khomo lopanda wogwira ntchito.