Dzina la kente latetezedwa, nanga thumba la wowomba?

Aliyense amene adazungulirako m'misika ya zitenje ku Limbe, ku Mchinji kapena ku Karonga adaionapo nsalu ya timabokosi ndi mizere yachikasu, yobiriwira, yofiira ndi yakuda. Dzina la kapangidwe kameneka ndi kente, ndipo kwawo ndi ku Ghana. Koma yambiri yomwe imayalidwa pamabenchi si kente weniweni. Ndi chithunzi chake chabe, chodindidwa ndi makina pansalu wamba.

Kente weniweni sadinda. Amachita kuwomba ndi manja, ulusi umodziumodzi, ndipo amisiri ambiri amagwira ntchitoyi pakhonde, pansi pa mtengo kapena m'chisakasa kuseri kwa nyumba zawo.

Amisiriwa alandira nkhani zabwino ziwiri motsatizana. Mu Disembala 2024, bungwe la UNESCO pamsonkhano wake ku Asunción m'dziko la Paraguay lidaika luso lowomba kente pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwewo womwe pali Gule Wamkulu, Vimbuza, Tchopa ndi nsima. Kenaka mu 2025, boma la Ghana lidalengeza kuti dzina la kente tsopano ndi lotetezedwa ndi lamulo lomwe limamangiriza katundu kudera komwe amachokera.

Funso nkumati: kodi ulemu umenewu ufika m'thumba la munthu amene amakhala tsiku lonse pa chowombera?

Ntchito ya manja ndi zala za kumapazi

Midzi yotchuka pa ntchitoyi ndi Bonwire ndi Adanwomase, kufupi ndi mzinda wa Kumasi kwa anthu a mtundu wa Asante, komanso Kpetoe ndi Agbozume m'chigawo cha Volta kwa anthu a mtundu wa Ewe. Ku Bonwire akuluakulu amasimba kuti lusoli lidayamba ndi alenje awiri omwe adaonera kangaude akuluka ukonde wake kuthengo.

Chowombera chake ndi chamitengo ndipo nchaching'ono, chongokwana munthu mmodzi kukhala mkati. Ulusi wa m'litali umatambasulidwa mtunda wautali kutsogolo kwake, nkumangiriridwa ku mwala wolemera womwe uli pa kathabwa. Nsalu ikamakula, mwalawo umakokeka pang'onopang'ono kudza kwa mmisiri. Zingwe ziwiri amazikola kuzala za kumapazi: akaponda phazi limodzi ulusi umatseguka, iye nkuponyamo kamtengo kooneka ngati bwato konyamula ulusi wopingasa, akaponda linalo ulusi umatsekeka. Ntchito imayenda choncho kuchokera m'mawa mpaka kuwala kutatha.

Chomwe chimatuluka si nsalu yotambalala ayi, koma lamba wa masentimita pafupifupi 10 m'lifupi. Nsalu ya bambo, yomwe amafunda kudutsa paphewa limodzi, imafuna malamba oposa 20, aliyense wotalika mamita atatu ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Malambawo amawasokerera pamodzi, ndipo apa ndi pomwe pamaonekera mmisiri: timabokosi ta lamba uyu tiyenera kugwirizana ndi ta lamba winayo. Akaphonya kawerengedwe pa lamba mmodzi, nsalu yonse imakhota maonekedwe.

Tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha. Lamba wa mizere wamba satenga nthawi, koma wa zithunzi zambiri amafuna kuti mmisiri azinyamula ulusi ndi zala, kuwerenga ndi kulowetsa mtundu uliwonse pawokha. Nsalu yotere imadya masabata angapo, mwinanso miyezi.

Ntchitoyi ndi ya banja lonse. Kuyambira kale owomba amakhala amuna, pomwe amayi amapota ulusi, kunyika mu utoto, kusoka ndi kugulitsa. Masiku ano kuli amayi ena omwe akuwomba okha. Mnyamata amayamba ndi kukulunga ulusi ali wamng'ono, kenaka amapatsidwa malamba osavuta, ndipo zimatenga zaka kuti amudalire pa nsalu ya ukwati kapena ya mfumu.

Nsalu iliyonse ili ndi dzina

Wowomba kente sangosakaniza mitundu mwachisawawa. Kapangidwe kalikonse kali ndi dzina ndi tanthauzo. Sika Futuro ndi fumbi la golide, chizindikiro cha chuma. Oyokoman ndi ya banja lachifumu la Asante. Adweneasa imatanthauza kuti mmisiri wathera luso lake lonse pansalu imodzi.

Ndale nazo zidalowamo. Mtsogoleri woyamba wa Ghana, Kwame Nkrumah, atakwatira mayi wa ku Egypt dzina lake Fathia, amisiri adatcha kapangidwe kena kuti Fathia Fata Nkrumah, kutanthauza kuti Fathia ndi woyenera Nkrumah. Asilikali atalanda boma mu 1966, nsalu yomweyo idapatsidwa dzina lina lonena kuti munthu mmodzi salamulira dziko yekha.

Nkrumah yemweyo ndiye adatchukitsa kente kunja. Adavala pokakumana ndi mtsogoleri wa America, Dwight Eisenhower, mu 1958, ndipo mu 1960 Ghana idapereka kente wamkulu ngati mphatso kulikulu la United Nations ku New York. Lero ophunzira ambiri akuda ku America amakoleka kente m'khosi patsiku lolandira madigiri.

Koma walira mvula walira matope. Kutchuka komweku ndi komwe kudaitana makina.

Pomwe pagona vuto

Fakitale imatha kujambula kapangidwe komwe mmisiri adavutikira mwezi wathunthu nkudinda mamita zikwizikwi pa tsiku limodzi. Nsalu zodinda zotere, zambiri zochokera ku China, zimagulitsidwa pa mtengo wotsika kwambiri. Wogula amene akuonera patali sasiyanitsa, ngakhale kuti akaigwira amamva kuti yowomba ndi yolemera, yokhakhala pang'ono ndipo misoko ya malamba imaoneka.

Vuto lachiwiri ndi ulusi. Kalekale, m'zaka za m'ma 1700, amisiri a Asante ankagula nsalu za silika zochokera kunja nkumazisolola kuti apeze ulusi wowala. Mpaka lero ulusi wambiri womwe amagwiritsa ntchito ndi wa m'fakitale, ndipo wochuluka umachokera kunja. Choncho ndalama ya dzikolo, cedi, ikagwa mphamvu, woyamba kumva kuwawa ndi wowomba. Mu 2022 cedi idagwa kwambiri, ndipo pofika Disembala chaka chomwecho kukwera mitengo kwa zinthu kudafika pa 54 peresenti. Mabanja a kuno, omwe adaona kwacha ikugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa momwe zotere zimathyolera bizinesi yaing'ono.

Lachitatu ndi mpamba. Mmisiri amene alibe ndalama yogulira ulusi amadalira wamalonda kuti amupatse ulusiwo ndi kumuuza choti awombe, kenaka amalipidwa pa ntchito yokha. Phindu lalikulu limatsalira kwa mwini sitolo mumzinda kapena kwa wotumiza nsalu kunja. Mnyamata amene wakula akuona bambo ake akudandaula msana ndi maso, ndalama nkumabwera mwa apo ndi apo, savuta kusankha ulendo wa ku Kumasi kapena ku Accra.

Pamwamba pa zonsezi pali kaunjika, yemwe ku Ghana amamutcha obroni wawu, kutanthauza zovala za mzungu wakufa. Msika wa Kantamanto ku Accra, womwe udapsa mu Januwale 2025, ndi umodzi mwa misika ikuluikulu ya kaunjika padziko lonse. Zovala za tsiku ndi tsiku zidapita kumeneko, ndipo kente adatsalira maukwati, zikondwerero, tchalitchi ndi mabwalo a mafumu.

Lamulo lingathe chiyani?

Ulemu wa UNESCO suletsa aliyense kudinda nsalu. Ntchito yake ndi kuzindikiritsa luso ndi kukumbutsa boma udindo wolisamala. Chomwe chili ndi mano ndi lamulo la Ghana la 2003 loteteza mayina a katundu wa madera, lomwe tsopano likugwira ntchito pa kente.

Ganizo lake ndi losavuta. Mayi akalipira mtengo wa mpunga wa Kilombero amayembekezera mpunga wa ku Karonga, osati wosakaniza. Chimodzimodzi, nsalu yogulitsidwa m'dzina la kente iyenera kukhala yowombedwa ndi manja m'madera ovomerezeka a ku Ghana.

Umboni woti njirayi itha kuthandiza wowomba wa pakhomo uli ku zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, kwawo kwa nsalu yaubweya ya Harris Tweed. Lamulo la 1993 limati nsalu singatchedwe dzinali pokhapokha itawombedwa ndi manja a anthu a pazilumbazo, kunyumba kwawo. Fakitale imanyika ndi kupota ubweya, nkutumiza ulusi kwa wowomba. Iye akamaliza, nsalu imabwerera kufakitale kukachapidwa, ndipo woyendera wochokera ku bungwe loyang'anira dzinali amaiona asanaidinde chizindikiro.

Ngakhale kumeneko lamulo silidathetse mavuto onse. Mu 1966 adawomba mayadi 7.6 miliyoni, koma pofika 2009 nsaluyi idatsika kufika pa mamita osakwana theka la miliyoni, isanayambenso kukwera. Chomwe lamulo lidachita ndi kuonetsetsa kuti msika utabwerera, ntchito idabwerera kwa wowomba wa pakhomo, osati kwa makina a dziko lina.

Apa ndi pomwe pali mayeso a Ghana. Lamulo lopanda oyendera m'misika ndi pamadoko limathera papepala. Komanso mphamvu yake imalekeza m'malire a dzikolo, pokhapokha dzinalo litatetezedwanso m'mayiko momwe nsalu zodinda zimapangidwa ndi kugulitsidwa. Ndipo ngati kupeza chizindikiro kudzafuna ndalama zambiri ndi maulendo a kumaofesi, odzapindula adzakhala amalonda akuluakulu omwe aja.

Nsalu yodinda payokha si mdani. Imapatsa banja losauka mwayi wotchena pa ukwati. Cholakwika ndi kuigulitsa m'dzina la thukuta la wina.

Zidachitikapo ku Chigwa cha Shire

Nkhaniyi si yachilendo kwenikweni kuno. David Livingstone atafika ku Chigwa cha Shire mu 1859 adapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu yolimba yotchedwa machila. Nkhondo zogwira akapolo, njala ya 1862 mpaka 1863 komanso kubwera kwa nsalu zakunja zidafooketsa ntchitoyi, ndipo m'nthawi ya atsamunda thonje lidasanduka mbewu yongogulitsa. Fakitale ya David Whitehead and Sons, yomwe idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967 nkugulitsidwa mu 2003, idabweretsa nsalu ya makina, koma luso la pakhomo lija silidadzukenso m'midzi.

Luso likasowa wolipira limafa mwakachetechete: mwana amangosiya kukhala pambali pa bambo ake. Oluka mikeka, mphasa, malichero ndi mipando omwe amayala katundu wawo m'mbali mwa misewu ya dziko lino ali pa mpikisano wofananawo ndi katundu wa pulasitiki.

Ku Ghana aponya phazi loyamba potchinjiriza dzina. Koma chipambano sichidzaoneka pa zikalata za ku Asunción kapena za ku Accra. Chidzaoneka tsiku lomwe mnyamata wa ku Bonwire adzawerengetse ndalama za nsalu imodzi, kuchotsapo za ulusi, nkuona kuti zotsalazo zikwanira chakudya ndi fizi, kenaka nkusankha kukhala pa chowombera cha bambo ake.