Mabuleki kaye, penti pambuyo

Pa Lizulu galimoto saisungira kukongola. Msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa malo a malondawa, mbali ino Malawi, tsidya linalo Angonia wa ku Mozambique, ndipo chilichonse chokhala ndi matayala pamenepa chili pa ntchito. China chasenza madengu a tomato, china matumba a mbatatesi, china kabichi wounjika mpaka dalaivala osaona kumbuyo, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Galimoto ikatopa amaivula matayala n'kuikhazika pa njerwa kuseri kwa nyumba. Nkhuku zimaikira mazira pampando wa dalaivala, ana amaseweretsa chiwongolero, dzimbiri limayamba kudya kuchokera pansi, kufikira tsiku limene ogula zitsulo zakutha adzafike ndi sikelo yawo.

N'chifukwa chake anthu anaseka atamva kuti mkulu wina wa m'derali, amene anakalambira pa chiwongolero cha malole a eni ake, wapangana ndi mwana wake wamwamuna zodzutsa ka Nissan 1400 kamene kanagona pa njerwa kwa zaka. Mkuluyu alibe penshoni yoti n'kuitchula. Ali ndi dimba, mkazi amene ali mu banki m'khonde, ndi bokosi la masipanala limene sabwereketsa munthu. Mnyamatayo analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akungokhala pakhomo. Anzake ena anatenga njinga zamoto za kabaza, ena anakwera basi ya ku Joni.

Kagalimotoka kali ndi mbiri. Kanayamba kugulitsidwa ku South Africa mu 1971 ndi dzina la Datsun 1200, mu 1980 anakaika injini yokulirapo ya 1400, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, kufupi ndi Pretoria, inapitiriza kukapanga mpaka 2008. Zaka 37, maonekedwe pafupifupi omwewo. Injini yake, yotchedwa A14, ndi ya masilinda anayi, ya kabuleta, ndipo ukatsegula boneti umaona dothi pansi kudzera m'mbali mwa injiniyo. Kompyuta mulibe. Katundu amene kanapangidwira ndi wopitirira pang'ono theka la tani. Amene timagalimoto totere timanyamula tsiku la msika pa Lizulu, apolisi a pamsewu ndiwo angafotokoze bwino.

Amene anakula m'nthawi ya Kamuzu angatsutse, n'kunena kuti mfumu ya misewu yafumbi inali Peugeot 404. Sakunama. Galimotoyo inapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo yobwera pambuyo pake, 504, ankaimangabe ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka kulowa m'zaka za m'ma 2000. Koma wofuna kudzutsa Peugeot lero nsapato zimatha akusaka chitsulo chimodzi. Mwayi wa ka 1400 ndi woti ku South Africa kanachuluka zedi moti masipeya ake akupezekabe, ndipo kumeneko n'kumene kuli achibale a mabanja ambiri a ku Ntcheu.

Ku Ulaya kudzutsa galimoto yakale ndi masewera a anthu okhuta. Amaiphwasula yonse mpaka kabawuti komaliza, n'kuimanganso kuti iziwala, kenaka n'kumaitulutsa Lamlungu lokha dzuwa likakhala bwino. Ku Britain galimoto ikakwanitsa zaka 40 mwini wake angathe kupempha kuti asamalipire msonkho wa pamsewu. Kuno ukalamba suichotsera galimoto kalikonse. COF ndi inshuwalansi zimafunika chimodzimodzi, kaya ndi ya dzulo kaya ndi ya nthawi ya Kamuzu.

Tsono chinthu choyamba chimene mkuluyu anagwira sichinali sipanala. Anakoka sutikesi pansi pa bedi kusaka blue book, ndipo ataipeza anatuma mnyamatayo kupala dzimbiri ndi sandipepa mpaka nambala ya tchesi ndi ya injini zioneke. Anaziwerenga awiri, wina maso pa chitsulo, wina pa pepala. Zikanasiyana, ntchito ikanathera pomwepo, chifukwa galimoto yopanda mapepala olongosoka ndi ngolo chabe, yoyenda njira za kumunda. Pa Lizulu yesero la galimoto yopanda mapepala lili pafupi kwambiri. Tsidya la msewu munthu angapeze chiphakasa chotchipa cha nambala ya ku Mozambique, ndipo kuchikankha kuti chiwoloke phula n'kosavuta. Kuchilembetsa m'Malawi ndiye nkhani ina, yodzera ku MRA ndi msonkho wake.

Mkangano unabuka pamene ndalama yoyamba inapezeka, atagulitsa mbatatesi.

"Ababa, tiyambe ndi penti," anatero mnyamatayo. "Anthu asiye kutiseka."

"Iwe, penti inaimitsapo galimoto pa Khwekhwelere?"

Wodziwa deralo safunsa zambiri akamva dzinali. Ndi msewu uja wopatuka pa Masasa, kufupi ndi Lizulu, n'kutsetsereka mokhotakhota mpaka ku Golomoti, kumene dalaivala wodalira phazi lokha osatsitsa giya amafika pansi mabuleki akununkha. Mnyamatayo ankafunanso marimu owala ndi sipika yaikulu kuseri kwa mpando. Zonsezo zinalembedwa kumapeto kwa kope limene bambo ake amasungiramo mndandanda wa zogula, ndipo pamwamba panalembedwa mabuleki.

Galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda, timphira ta m'mabuleki timauma, mafuta ake amayamwa chinyontho, ndipo tizitsulo tokankha timamatirira ndi dzimbiri. Anamasula gudumu lililonse, kutsuka, kusintha timphira. Kenaka inafika ntchito imene munthu mmodzi sangaigwire yekha, yotulutsa mpweya m'mapaipi. Mnyamatayo anakhala pampando wa dalaivala, phazi pa buleki. Mkuluyu anagona chagada pa thumba la feteleza pansi pa galimoto, kasipanala m'dzanja limodzi, botolo la Sobo lolowetsedwa kapaipi m'dzanja lina, kuyambira gudumu lakumbuyo limene lili kutali ndi dalaivala. "Pompa! Pompa! Gwira pomwepo!" Amasula kabawuti, mafuta akuda odzaza thovu alavukira m'botolo, phazi la mnyamata limira mpaka pansi. "Usasiye!" Amanganso. "Siya tsopano." Wapamwamba akangofulumira kuchotsa phazi wapansi asanamange, mpweya umabwerera ndipo mumayambiranso. Anayambiranso kangapo, mawu okalipa akutuluka pansi pa galimoto, kufikira thovu litatha ndipo buleki italimba.

Injini anaichita modekha. Sanathamangire kubwereka batire kuti ailize, chifukwa injini imene yagona zaka imakhala youma m'kati ndipo kuikakamiza kumathyola maring'i. Anachotsa mapulagi, kuthira oyilo pang'ono m'mabowo onse anayi, n'kuisiya masiku angapo. Kenaka mkuluyu anaika sipanala yaikulu kutsogolo kwa injini n'kumakoka pang'onopang'ono mpaka inavomera kuzungulira. Thanki anaitsitsa. Munali petulo wakale wosanduka phula ndi fumbi la dzimbiri. Petulo amene timagula m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumutcheza, ndipo ethanol amakoka madzi. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku siona vuto lalikulu, koma yoima thanki yake imaola m'kati ndipo mapaipi a mphira amang'aluka. Paipi yong'aluka pamwamba pa injini yotentha ndi moto umenewo, choncho anasintha onse ngakhale ena ankaoneka abwinobwino.

Tsiku loliza, injini inangotsokomola n'kuphulitsa moto ku kabuleta. Mkuluyu anaona msanga chimene chalakwika, koma anakhala pa chitini n'kumayang'ana kumsewu. Mnyamatayo anatuluka thukuta, kufufuza apa ndi apo, mpaka anatulukira yekha kuti wasokoneza mawaya a mapulagi. Injini imeneyi imawotcha motsatana 1, 3, 4, 2, osati 1, 2, 3, 4 monga amawerengera ku sukulu. Atasintha mawayawo, inalira. Manambala amenewo sadzawaiwalanso.

Ndalama ndiyo imalamulira liwiro la ntchito yonse. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo umene wamva lero m'shopu sukhala womwewo ukadzabwera ndi ndalama mwezi wamawa. Mkuluyu anaika malamulo awiri. Loyamba, katapila ayi. Amagula akagulitsa za kudimba kapena mayi akagawana za ku banki m'khonde, ndipo pakati pamenepo galimoto imadikira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Lachiwiri, pali zinthu zimene zingakhale zakale ndi zimene sizingatheke. Chitseko, nyali, mpando, ngakhale giyabokosi, munthu angathe kukatola kwa ophwasula magalimoto ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande, bola apite ndi chakale chija m'manja kuti akayerekeze. Koma timphira ta mabuleki, zitsulo za chiwongolero ndi matayala akutsogolo, zimenezo n'zatsopano basi. Mlembi wa danga lino waonapo anthu ambiri akuchita mosemphana: kugula wailesi yatsopano ya m'galimoto, matayala n'kukatola osalala ngati mutu wa dazi.

Pa nkhani yogula m'pamene mnyamatayo anayamba kumveka. Bambo ake ankaiona foni ngati chinthu chotayitsa nthawi, mpaka tsiku limene anafuna gasiketi ndi mapampu ena osapezeka pafupi. Mnyamatayo anajambula chitsulo chilichonse pambali pa rula, n'kutumiza pa WhatsApp kwa msuweni wake wa ku Johannesburg, amene anapita nazo zithunzizo ku shopu. Katundu anabwera pa basi, wokulungidwa m'bulangeti pamodzi ndi zovala za ana, ndipo chilichonse chinalowa m'malo mwake. Za mawaya a magetsi, amene makoswe anadya kuseri kwa dashibodi, anaziphunzira pa YouTube usiku, bandulo ikatchipa, n'kujambula mapu ake m'kope. Mkuluyu ali ndi zake zimene foni siiphunzitsa. Amaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira pakhutu, n'kunena kuti phokoso likuchokera pa silinda yachitatu. Pa mawaya amangogwira tochi, mwana n'kumamuuza poti aunike.

Zimenezi sizingachitike pa magalimoto amene adzaza M1 masiku ano. Sienta, Probox ndi Mira zobwera kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe ndi zabwino, zimamwa mafuta ochepa, koma kanyali kakayaka pa dashibodi dalaivala wakale uja alibe chonena. Pamafunika makina oiwerenga, ndipo makinawo ali m'tauni. Bungwe la TEVETA lilipo kuyambira mu 1999 ndipo masukulu a ntchito zamanja alipo, koma malo ndi ochepa poyerekeza ndi achinyamata amene amatsiriza Fomu 4 chaka chilichonse. Amakaniko ambiri m'dziko muno anayambira pansi pa mtengo, kutumidwa masipanala ndi kutsuka mabawuti m'petulo. Mnyamata wa pa Lizuluyu wayambira pa galimoto ya kwawo, imene angathe kuiphwasula ndi kulakwitsa popanda kasitomala womuimirira kumsana.

Mayi a m'nyumbamo ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopepuka. Ndalama imene yalowa m'kagalimotoka ikanatha kukhala chiyambi cha njinga yamoto ya kabaza, yobweretsa kangachepe madzulo alionse. Ka 1400 kamamwa petulo kuposa timagalimoto tatsopano, m'dziko limene mizere ya pa filling station si yachilendo. Kopita nako kutali kulinso zipata zolipira mbali zonse ziwiri za Lizulu, Kalinyeke ku Dedza ndi Chingeni kupitirira pa boma la Ntcheu. Ndipo pa ngozi kagalimoto kopangidwa ndi nzeru za m'ma 1970 sikateteza munthu monga zimachitira za masiku ano. Wowerengera phindu la mwezi uno lokha angagwirizane ndi mayiwo.

Mlembi wa danga lino akuima ndi mkuluyu, koma pa zifukwa ziwiri zokha. Sanakongole, ndipo sakulota zopikisana ndi malole opita ku Blantyre. Ntchito imene akukaganizira ndi yaifupi: kutola madengu m'madimba n'kufikitsa pamsika, kunyamula feteleza mvula ikayandikira, kuthamangira ku chipatala usiku. Akanati atenge ngongole kuti amalize msanga, kapena kuti azikakweza anthu kumbuyo pa Khwekhwelere, danga lino likanalemba zina.

Pakali pano kagalimotoka kakulira ndipo kakuima pamene akaimitsa. Chitseko chimodzi n'chofiira, china n'chotuwa, ndipo pansi pa mpando pali chigamba chimene wowotcherera wa pamsika anaika. Amakaniko a pafupi ayamba kumuitana mnyamatayo akakhala ndi galimoto yovuta mawaya, n'kumupatsa ya sopo. Chotsatira ndi inshuwalansi, kenaka ulendo wa ku Road Traffic kukayezetsa COF. Tsikulo adzayendetsa ndi mkuluyu, chifukwa mnyamatayo laisensi alibe, ndipo ndalama ya sukulu yoyendetsa galimoto ndi imene yalembedwa pamwamba m'kope muja tsopano.